Kiyi wa Zipinda Zakutsogolo

Philomena anali atagwada pakati pa chipinda chakutsogolo, nsanza m'manja, chitini cha kobra wopaka pansi pambali, pamene mwamuna wake Rodgers anaima pakhomo n'kutchinga kuwala. Ntchito inali itafika theka. Kuyambira kuzenera mpaka pamene panali maondo ake, simenti inali yofiira ngati chiwindi cha ng'ombe. Kumbuyo kwake inali ikadali yotuwa, ndi madontho anayi pomwe panakhala miyendo ya sofa ya Monde, mkazi wa Dalton, anansi awo omwe anasamuka Lolemba.

"Musaponde," anatero osadzutsa mutu. "Nsapato zanu zili na fumbi. Nanga mwabwera kuchita chani masana ano? Malaiti yayenda futi?"

"Malaiti siyanabwereko kuchoka dzulo. Siya ivo, bana Ngosa. Dalton wanitumira foni."

"Afuna chani? Kutiuza kuti madzi ya mu filiji yamupweteka mano?"

"Ati babwerera."

"Babwerera kuti?"

"Kuno. Lero. Ija nchito ya magetsi yafa. Sibazamanga."

Nsanza inaima.

Yadi ya ba Nsofwa, eni nyumba, kukomboni ya Kanyama ili ndi nyumba ziwiri. Yakutsogolo ndi zipinda ziwiri zomangidwa pamwala, masitepe atatu kuti ufike pakhonde. Yakumbuyo ndi chipinda chimodzi, kumunsi, pafupi ndi ngalande ndi chimbudzi. Amene sanakhalepo ku Kanyama adzati masitepe atatu si kanthu. Abwere mu Januwale. Pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha, madzi alibe kolowera, ndiye amalowa m'nyumba za anthu.

Zaka zisanu ndi ziwiri Philomena anakhala kumbuyoko. Mvula ikagwa, bedi pa mabuloko, thumba la ufa pa mpando, nsapato zikuyandama ngati abakha. Ankakapa madzi ndi beseni mpaka msana kukana. Mwana wake wamkazi, Ngosa, amene anthu ankatchulira amake kuti bana Ngosa ndi atate ake kuti bashi Ngosa, chifuwa chinkamuyamba ndi mvula yoyamba n'kumusiya mu Epulo. Anamwino a ku kiliniki anamuuza kuti mwanayu musamamugoneke pachinyezi. Philomena anangowayang'ana. Amugoneke padenga?

Zipinda zakutsogolo zinatsegukapo kamodzi, zaka zitatu zapitazo, sabata lomwe iye anali ku Petauke kukaika amake. Pobwerera anapeza makatani apinki pazenera ndi mtsikana wakhungu losalala atakhala pa sitepe yachitatu, akupenta zikhadabo za kumapazi. Anali Monde, mkazi watsopano wa Dalton. Ndipo amene anawauza za zipindazo, amene anawaperekeza kwa ba Nsofwa, anali Rodgers mwini wake, poti ndi iye anaphunzitsa Dalton kuwotcherera mageti ndi mazenera m'mphepete mwa msewu. "Nanga ise tingakwanitse zipinda ziwiri?" anatero Rodgers. Philomena sanamuphikire masiku awiri.

Chaka chino, mvula itakana ndipo madzi a m'damu atatsika, magetsi ankabwera maola atatu, masiku ena osabwera n'komwe. Wowotcherera wopanda magetsi ndi munthu wokhala pa benchi. Ndiye kunamveka kuti kampani ina ikufuna kumanga chinyumba chopangira magetsi kuchigwa, kumwera uko, chowotcha malasha okumba pansi, aja olimba ngati miyala, osati athu a mitengo a pambaula. Ankafuna owotcherera. Rodgers ndi Dalton anapita limodzi, anaima pa mzere umodzi. Rodgers anali ndi zaka makumi awiri za ntchito, zipsera m'manja ndi maso ofiira. Dalton anali ndi pepala la kusukulu ya ntchito zamanja. Kampani inatenga pepala.

Kuyambira tsiku limenelo m'yadi munalibe popumira. Dalton anapatsidwa chipewa cholimba chachikasu, ndipo ankachivala ngakhale popita kukagula buledi. Monde anakagula filiji ku Kamwala, n'kuiimika pakhonde ndi mapulasitiki ake kuti aliyense wopita kumpopi aione.

"Ba Philo, uko tiyenda ni kumene magetsi yabadwira," ankatero. "Sikuzima. Nyumba ya kampani, toileti mukati. Muzabwera kutiona, ka? Muzamwako madzi yozizira."

Philomena ankayankha kuti eya, n'kufinya zovala mpaka ulusi kulira. Sankamufunira imfa Monde, ayi. Ankangofuna kuti tsiku lina, limodzi lokha, chinthu chimuvute mtsikana ameneyu. Ngakhale chipere.

Lamlungu lapitali amayi a kutchalitchi anamuchitira phwando lotsazikana m'yadi momwemo. Mipando ya pulasitiki, masikono, nyimbo, ba Nsofwa atachokera kwawo ku Chilenje n'kukhazikidwa pa mpando wa manja. Mphatso zitatha, Monde anaimirira, mwana wake Pumulo ali kumsana, n'kuitana Philomena pakati pa bwalo.

"Bamayo bonse, muone," anatero, atakweza kiyi m'mwamba. "Aba ba Philo bavutika maningi na madzi. Ine chaka na chaka nenze kubaona pa windo, bakapa, bakapa, chifundo chenze kunigwira. Manje Mulungu wanikweza, naine nibakweze. Nayi kiyi. Nabapasa nyumba yanga. Bapumuleko."

Nthungululu. Mafoni m'mwamba. Ndipo poti mphatso salandira choimirira pamaso pa akuluakulu, Philomena, wamkulu kwa Monde ndi zaka khumi ndi ziwiri, anagwada pafumbi, n'kuwomba m'manja, n'kulandira kiyi wa nyumba yomwe sinali ya Monde n'komwe. Rodgers anali ataima pageti, naye akuwomba m'manja. Kanema wake anazungulira magulu onse a pafoni. Anthu ankamuimitsa Philomena pamsika: "Uja mtsikana ali na mtima, mwandi." Iye ankangoonetsa mano.

Ba Nsofwa anauza Philomena kuti mwezi womwe a Dalton analipira ukatha asamukiremo, koma kukonza ayambe. Kunena zoona akanatha kulowa Lolemba lomwelo galimoto ya katundu itangonyamuka, palibe akanamuletsa. Koma ayi. Philomena anafuna kuti fungo la mafuta a Monde lichoke kaye. Anatsuka makoma masiku awiri, anazula misomali, anakwecha pakhonde ndi mwala. Anafuna simenti iwale kuposa mmene inkawalira nthawi ya Monde, kuti amayi omwe anamuona atagwada adzaone nkhope zawo pansi. Ndiye Lachinayi ili katundu wake yense anali akadali kumbuyo, pa mabuloko.

"Bakamba ati chani?" anafunsa tsopano, akadali chogwada.

Rodgers anakhala pa sitepe n'kuvula kapu. Anafotokoza mmene Dalton anamuuzira. Atafika kuchigwako anapeza kuti nyumba za kampani ndi maziko okha, mapaipi atatuluka m'simenti ngati mapesi a chimanga. Anagona masiku atatu m'kalasi ya pasukulu pamodzi ndi mabanja ena, kudikira bwana. Bwana anabwera dzulo, anakwera pa galimoto, anawerenga pepala. Akunja omwe akanapereka ndalama zomangira abweza dzanja. Akuti za malasha sakuzifunanso, utsi wake ndi umene ukusokoneza mvula. Anthu a m'midzi ya kumeneko, omwe anauzidwa kuti asamutse manda a makolo awo, anavina pamsewu. Zipewa zachikasu anawalanda pageti.

"Na chipewa chomwe?"

"Na chipewa."

Apa tisabise. Chinthu chinatsika m'chifuwa mwa Philomena chokoma ngati tiyi wa shuga wambiri, ndipo anachilola chitsike mpaka pansi. Anaona Monde atagona pa simenti ya m'kalasi, filiji ili panja padzuwa. Anatsala pang'ono kuseka. Kenako maso ake anagwera pa theka lofiira lija, ndipo tiyi uja anazizira pomwepo.

"Bafika nthawi bwanji?"

"Motoka inabapereka inali ikali konko, isakira katundu wobwera nawo. Banyamuka kuseni. Ma fo, ma faifi."

"Nyamukani. Tikatenge bedi."

"Bana Ngosa."

"Bedi, bashi Ngosa."

"Mwezi wawo ukalibe kusila. Bali na mwana mung'ono. Tizabaika kuti? Akulu anati chaona mnzako..."

"Mukatsiriza mwambi uyo muzadya wamene uyo lero. Chamene chinaona ine zaka seveni chinapita kuti? Chikali mu chipinda muja, chinunkha nkhungu. Mitambo mwaiona? Ngosa wayamba kudala kutsokomola, mvula ikalibe na kugwa."

"Dalton ni mwana wanga pa nchito. Nizamuyang'ana bwanji?"

"Mwamene anakuyang'anirani pamene anavala chipewa."

Rodgers anavala kapu yake n'kutuluka pageti, akuti akaone ngati magetsi abwera. Amuna amadziwa nthawi yokaona magetsi.

Bedi linali lachitsulo, lowotcherera Rodgers yemweyo, lolemera ngati mlandu. Philomena anachotsa matilesi, analipendeketsa bedilo, analikoka pang'onopang'ono kudutsa m'yadi, akupuma, akukoka, thukuta likulowa m'maso. Pa masitepe analikweza mwendo umodzi umodzi, linamuphwanya chala, sanalire. Litalowa m'chipinda mwendo wina unakanda mzere woyera pakati pa kobra watsopano, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Anauyang'ana mzerewo, anatukwana chamumtima, anabwerera kukatenga mapoto. Pazenera anapachika chitenge pa waya. Pakhonde anakoleza mbaula n'kutereka nyemba, chifukwa nyemba zimachedwa kupsa, ndipo munthu sachotsedwa pamoto pake mphika usanapse. Ngosa atachokera kusukulu anamukhazika pabedi n'kumuuza kuti asatsike. Kiyi anaumanga pansonga ya chitenge chake, mfundo ziwiri. Kenako anakhala pa sitepe yachitatu, pomwe Monde ankapentera zikhadabo.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka, ndipo inamveka isanaoneke, chifukwa woyendetsa anali atadzaza mbuzi zokagulitsa ku Chibolya pamalo onse otsala. Mbuzi, filiji yomangidwa ndi chingwe, sofa itadyedwa pangodya, Dalton ali pamwamba pa matilesi, mutu uli mbuu ndi fumbi. Anthu anatuluka m'mayadi. Ku Kanyama wobwerera ndi katundu amasonkhanitsa anthu kuposa ukwati.

"Ba injiniya! Mwatibweretsera malaiti?" anakuwa wina pa shopu ya mowa.

"Yali mu mbuzi!" anayankha mnzake.

Dalton anaseka nawo, anatsika, anapereka moni. Monde anatsika kutsogolo, mwana kumsana. Philomena anamuyang'ana bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufunafuna pomwe pawonongeka. Masiku atatu pa simenti ya m'kalasi, tsiku lonse pamsewu ndi mbuzi, koma mtsikanayo anatsika ngati akuchokera ku saluni. Milomo yokha ndiyo inauma. Anthu ena fumbi limawaopa.

Monde anafika pa sitepe yoyamba. Anaona chitenge pazenera, anaona mbaula, anaona mphika. Anaima.

"Ba Philo, mwachoma bwanji?"

"Tachoma. Mwayenda bwanji? Madzi yozizira mwatisungirako?"

Monde anameza malovu. "Mwamvera vamene vachitika."

"Namvera. Pepani."

"Manje tingangenetseko katundu? Mwana walema."

"Mungenetse kuti?"

"Mu nyumba yathu, ba Philo."

"Nyumba yanu munanipasa. Pa Sondo. Mwaibala? Ine maondo yakali kubaba."

Dalton anali ataimbira kale ba Nsofwa ali m'njira, ndipo posakhalitsa mayiwo anatsika minibasi pamsewu, ambulera m'manja. Rodgers nayenso anatulukira, magetsi atawaona mokwanira. Ba Nsofwa ndi mayi wamasiye amene anagulitsa salaula, zovala za kaunjika, zaka makumi atatu, ndipo nkhani zazitali sazikonda. Anakhala pa mpando pakati pa yadi, katundu wa a Dalton ataunjikidwa pageti, anthu atazungulira.

"Umodzi umodzi," anatero. "Ine nili na shuga, sinifuna chongo."

Dalton ananjuta pambali pawo n'kulankhula mwaulemu. Anati mwezi wawo watsala ndi masiku asanu ndi anayi. Anati iwo sanathawe, ananamizidwa ngati mmene ananamizidwira anthu ena mazana awiri, ena anagulitsa ndi mashini awo omwe. Ba Nsofwa anagwedeza mutu movomereza. Philomena anaona mutuwo ukugwedezeka.

Monde anawonjezera, mawu ali pansi. "Bamayo, mchombo wa Pumulo uli pansi pa sitepe iyi. Bakulu banaukwirira apa. Mwana angachoke bwanji pamene pali mchombo wake?"

Amayi ena anang'ung'udza movomereza. Zimenezi anthu sasewera nazo.

"Pa Mande munachoka bwanji?" anatero Philomena. "Munaufukula? Wa Ngosa uli kumbuyo uko, pansi pa madzi ya mu ngalande. Uphunzira kusambira."

Anthu anaseka, koma ba Nsofwa sanaseke.

"Bana Ngosa, nyumba ni yanga, si yanu, si ya Monde. Ninakuuzani kuti mwezi ukasila. Nindani anakuuzani kungenetsa bedi?"

"Mvula, bamayo."

"Mvula siilemba pa pepala yanga. Muchotse bedi."

Philomena anayang'ana Rodgers. Rodgers anali kuyang'ana mbuzi. Ndiye anachita chimene analumbira kuti sadzachita. Anatulutsa foni m'chifuwa, anafufuza kanema uja amene anamutumizira anthu asanu ndi mmodzi koma iye osamuonera mpaka kumapeto, anakweza mawu, anaika foniyo pamaso pa ba Nsofwa. Mawu a Monde anadzaza yadi yonse: "Manje Mulungu wanikweza, naine nibakweze. Nayi kiyi. Nabapasa nyumba yanga." Ndiyeno nthungululu, ndipo pakati pa nthungululuzo mawu okuluwika a ba Nsofwa omwe. Ndiyeno mkazi wovala chitenge chofwifwa akugwada pafumbi.

"Munalipo, bamayo. Munaimba nthungululu. Simunakambe kuti nyumba ni yanga. Simunakambe va mwezi. Munaniona nagwadira mwana uyu pamenso pa banthu, munati ameni."

Ba Nsofwa anaonera mpaka kutha. Anapukuta pakamwa ndi mpango. Mbuzi imodzi inalira.

"Apa pena ninalakwa ine," anatero. "Ninalola mwana kugawa chinthu changa, nakondwera na masikono. Manje mverani. Chinthu chopasa pamenso pa banthu sibachitenga kumbali. Chibwerera mwamene chinayendera. Monde, unapasa choimirira, mnzako analandira chogwada. Ngati uifuna kiyi, gwada apa pamene anagwada, upemphe. Ndipo imwe bana Ngosa, akagwada, mumupase. Munthu wogwada sibamukana. Mwamvera?"

"Namvera," anatero Philomena.

Anatsika masitepe atatu aja n'kuima pakati pa bwalo. Mafoni anali atakwera kale m'mwamba, omwe aja a Lamlungu. Monde anayang'ana mafoniwo, anayang'ana filiji yake pageti, anayang'ana kumbuyo kwa yadi komwe khoma la chipinda chija lili ndi mzere wobiriwira wofika m'maondo. Anamasula mwana, anamupatsa mayi wina. Anakonza chitenge. Anayandikira.

Philomena ankadziwa bwino kuti maondo amenewo akangokhudza fumbi, Ngosa abwerera kuchinyezi. Ankadziwa. Koma m'kamwa mwake munadzaza malovu ngati munthu woona nyama ikupsa. Gwada, unatero mtima wake. Gwada ndikuone pamutu. Dzanja lake linali litayamba kale kumasula mfundo yoyamba ya kiyi, lokha, osalituma. Zaka zitatu akuyang'ana mtsikana ameneyu chokweza khosi, pa sitepe yachitatu. Kamodzi kokha amuyang'ane choweramira. Zipinda zinali patali nthawi imeneyo, ndipo ngakhale chifuwa cha mwana wake sichinkamveka.

Maondo a Monde anapinda.

Dalton anamugwira pamkono n'kumudzutsa asanafike pansi.

"Awe," anatero, osakweza mawu. "Osagwada. Nine ninakupereka ku chigwa, si iwe. Mkazi wanga sazagwada chifukwa cha simenti." Anatembenukira kwa ba Nsofwa. "Bamayo, chipinda cha kumbuyo chilibe munthu manje, si so? Tipaseni chamene icho. Ba Philo bankale, mwana wawo adwala chifuwa. Ise tikali bang'ono, tizakapa."

"Dalton, muja mungena madzi," ananong'ona Monde.

"Tizaona. Tinagona mu kalasi na banthu fote, tingakangiwe apa?"

Monde anamuyang'ana mwamuna wake, ndipo misozi yomwe inali itadzaza m'maso inatuluka pamodzi ndi kaphwete. Anamumenya paphewa. Amayi anati eee, anati uyu ndiye mwamuna, wina anayambitsa nthungululu. Mafoni onse anatembenukira kwa awiriwo. Ba Nsofwa anadzuka, anati nkhani yatha, anatsegula ambulera ngakhale dzuwa linali litalowa m'mitambo.

Philomena anatsala ataima pakati pa bwalo, kiyi m'manja, mfundo imodzi yomasuka. Zipinda zinali zake. Anayang'ana pageti pomwe Rodgers anaima Lamlungu akuwomba m'manja iye ali pafumbi. Rodgers anali pomwepo ndithu, atasenza mbali imodzi ya sofa ya Monde, akuuza Dalton kuti asamale pangodya.

Nyemba zinapserera.

M'mawa mwake Ngosa anadzuka pa bedi louma, m'chipinda chonunkha kobra ndi sopo, dzuwa likulowa pazenera la kum'mawa lomwe kumbuyo kulibe. Anafunsa ngati akhala muno mpaka kalekale. Amake anati adye msanga apite kusukulu.

Kumbuyo phokoso linali litayamba kale. Dalton anabwereka piki ndipo ankakumba kangalande kozungulira chipinda, kuphwanya mwala pang'onopang'ono kuti madzi azipita kumsewu. Rodgers sanapite kuntchito, akuti magetsi kulibe. Ankatuta mabuloko, omwe aja ankakhala pansi pa bedi la Philomena, n'kumamanga kakhoma pakhomo, mizere iwiri, kuti madzi asamalowe. Cha m'ma teni magetsi anabwera mwadzidzidzi, ndipo amuna awiriwo anathamanga ngati ana kukatenga mashini. Anawotcherera miyendo yaitali pa bedi la Monde. Anapanganso kathebulo kachitsulo koikapo filiji. Magetsi atapita, zonse zinali zitatha.

Philomena anaonera zonsezi pa kampata ka chitenge cha pazenera. Kakhoma kameneko anakapempha chaka choyamba, Ngosa ali m'mimba. Anakapempha chaka chachiwiri. Chaka chachitatu anagula yekha theka la thumba la simenti, linauma pakona mpaka kusanduka mwala, akukhalira alendo. Yankho linali limodzi: mawa, bana Ngosa, mawa. Lero mawa lafika, lafikira Monde.

Monde anatuluka ndi tiyi m'makapu awiri. Anali atamanga duku, atavala malaya akale a Dalton, matope ali m'miyendo, ndipo ngakhale matopewo ankamukhala. Ankafotokoza mmene mbuzi inayambira kudya sofa atangodutsa pa Kafue, mmene Dalton ankaikalipira m'Chingelezi. Rodgers anaseka mpaka kutsamira khoma. Philomena anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anamva mwamuna wake akuseka chotero. Anasiya, ntchito inali yambiri.

Anatuluka pakhonde.

"Bashi Ngosa! Bwerani munithandize kusendeza bedi, nifuna kupaka pansi."

"Nibwera manje manje!"

"Ba Philo, mwauka bwanji?" anakuwa Monde, akukweza kapu. "Tiyi ilipo!"

"Namwa," anatero Philomena, ngakhale anali asanamwe.

Anadikira pakhonde. Anawerenga mabuloko omwe Rodgers anaika atanena kuti akubwera: anayi, asanu. Mitambo inali itaunjikana kumpoto, yakuda pansi, ndipo mphepo inabweretsa fungo la fumbi lonyowa. Anabwerera m'nyumba.

Chitini cha kobra chinali pomwe anachisiya dzulo, chosatseka, pamwamba patauma. Anakanda ndi chala chophwanyika chija mpaka anapeza wofewa pansi. Anagwada. Anayamba ndi mzere woyera uja wa mwendo wa bedi, anaupaka, anautikita, anaupakanso. Mzerewo unamwa kobra n'kumaonekabe. Kumbuyo kunaphulika kuseka kwina, mawu atatu pamodzi, a Rodgers pamwamba.

Madontho oyamba anagunda malata, limodzi, awiri, kenako ambiri. Pansi pa maondo ake simenti inali youma gwa. Philomena anasendeza chitini, anasunthira ku theka lotuwa lija, pa dontho loyamba la mwendo wa sofa, n'kuviikanso nsanza.